Asisi a Samusa

Ngati munakwerapo minibasi pa depoti ya Limbe m'mawa, ndiye kuti Lilian Makwinja munamuonapo, kungoti simunamudziwe. Ndi uja wamtali, wa mpata kumano, amene amaima pafupi ndi minibasi za ku Bangwe ndi ndowa yoyera ya samusa, osakuwa ngati anzake. Oitanira amamutcha Asisi a Samusa, ndipo amaganiza kuti dzinalo anapeka ndi iwo. Ayi ndithu, analitola pakamwa pa mwana. Mwanayo ndi Clara, ndipo Clara ndi mwana wa Lilian wobereka yekha. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Lilian anatenga mimba ali Folomu 2, banja lawo likukhala ku Ndirande. Mwini mimbayo anali Duncan, kondakitala wa pakamwa pozuna amene ankamukweza ulere popita kusukulu. Zaulerezo zinadzadula. Duncan atangomva kuti zinthu zavuta anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi achimwene ake ku Joni, ndipo mpaka lero palibe anaonapo ngakhale fumbi lake. Sindiwononganso malovu pa iyeyu.

Amayi ake a Lilian, mayi Veronica, anali munthu wa yunifomu ya amayi a kutchalitchi, oyambitsa nyimbo pamaliro, olangiza ana a eni pa zinkhoswe. Ndiye mwana wawo yemwe atupe mimba ali pasukulu? Analira, anakalipa, anasala kudya, kenako anakhala pansi n'kuganiza. Anauza anthu kuti akupita ku Thyolo kukadwazika matenda ndipo atenga Lilian kuti akawathandize. Ali kumeneko, amuna awo, a Makwinja, mlonda wosalankhulalankhula, anasamutsa katundu ku Ndirande n'kukapeza nyumba ku Bangwe kumene kunalibe owadziwa. Tsiku lobwerera, mayi Veronica anatsika minibasi ali ndi khanda kumbuyo, Lilian ali ndi chikwama pamutu.

"Mzime wanga uyu, wabwera mochedwa," ankatero mayi Veronica kwa aliyense wosuzumira kumbuyoko.

Musawaweruze msanga, si iwo anayamba zimenezi. M'makwalala athu muno muli ana ambiri amene amati asisi kwa owabereka, ndipo aneba amadziwa, amangotseka pakamwa chifukwa nawonso ali ndi ana aakazi. Komanso mayi Veronica sanachite mwankhanza. Anamukhazika Lilian pamphasa n'kumuuza bwinobwino.

"Tamvera, mwana wanga. Sindikukulanda mwana. Koma iwenso ndiwe mwana, ungalere mnzako? Ukadzaima pawekha, uli ndi khomo lako ndi mbaula yako, udzabwere udzamutenge. Ndidzamuuza ndine, ndi pakamwa pangapa."

Lilian anagwira mawu amenewo ngati chigwiriro cha m'minibasi. Khomo lake, mbaula yake, kenako mwana wake adzamuitane kuti amayi. Sankafunanso china pa dziko lapansi.

Ankayamwitsa kuseri kwa katani, mayi Veronica ali pakhomo ngati mlonda. Kutchalitchi khanda likalira m'manja mwa agogo akewo, mkaka unkatuluka wokha n'kunyowetsa bulauzi, Lilian n'kumadziphimba ndi buku la nyimbo. Anamuletsa kuyamwa msanga, n'kuyamba kumupatsa phala. Kusukulu Lilian sanabwererenso, pakuti a Makwinja anadwala chifuwa n'kumwalira Clara asanayambe kuyenda, ndipo pakhomo panafunika munthu wobweretsa chakudya.

Ntchito anaipeza ku Chinyonga, m'nyumba ya mayi Mwantumu, mayi wa Chisilamu amene amuna awo anali ndi shopu ya nsalu ku Limbe. Tsiku loyamba anamufunsa, monga amafunsira mabwana onse.

"Uli ndi mwana?"

"Ayi, amayi."

Linali bodza la mawu awiri, koma Lilian amati mpaka lero limamuwawa, chifukwa kanali koyamba kumukana Clara ndi pakamwa pake.

Mayi Mwantumu anali wokalipa pa ukhondo koma wa mtima wabwino, ndipo samusa zawo zinali zodziwika. M'mwezi wa Ramadani maoda ankachuluka moti anayamba kumuitana Lilian kukhitchini. Anamuphunzitsa kukanda fulawa, kutambasula timapepala take mpaka tipyapyale, kutiwotcha pang'ono pachiwaya chouma, kutidula ndi kutipinda kuti pakhale kathumba koikamo nyama yogaya, anyezi ndi mbatata. Chovuta ndi kumata. Umapaka phala la fulawa m'mphepete n'kutsina makona onse atatu, chifukwa kona imodzi ikatseguka mafuta amalowa ndipo samusa imaphulika m'chiwaya. Zoyamba za Lilian zinkaphulika ngati zatumidwa. Mayi Mwantumu ankati zophulikazo adye yekha kuti aphunzire, koma iye sankadya. Ankazikulunga m'pepala n'kuzisunga mpaka Lamulungu, tsiku lake lopita ku Bangwe.

"Ukusungira ndani zimenezi?" anafunsa mayi Mwantumu tsiku lina.

"Mng'ono wanga, amayi."

Mayi Mwantumu anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka pachifuwa. "Mng'ono salongedzeredwa chonchi," anatero, n'kuwonjezerapo samusa zina zabwinobwino. Sanamufunsenso ndipo sanamuchotse ntchito.

Ku Bangwe Clara ankamudikira pa mlatho wamatabwa wa pangalande. Akangoona mutu wake ankathamanga akufuula kuti asisi a samusa abwera, ana onse a pamzerewo ali m'mbuyo mwake. Ankalanda kaphukusiko, n'kuthamangira nako kwa mayi Veronica kuti akamugawire. Lilian ankatsala panjira, manja ali lende.

Chilichonse chimene Clara anavala chinachokera m'manja mwa Lilian, kuyambira matewera mpaka yunifomu ya Sitandade 1. Koma chinkayenera kudzera kwa mayi Veronica kuti anthu asadabwe, ndipo Clara ankagwada n'kunena kuti zikomo amayi kwa iwowo. Tsiku lina mwanayo anadwala malungo mpaka kukomoka, ndipo Lilian anathawa ntchito n'kukawapeza kuchipatala. Namwino anatulukira pakhomo n'kunena kuti mayi wa mwanayu alowe, mmodzi yekha. Onse awiri anaimirira. Anayang'anana, kenako Lilian anakhalanso pabenchi. Anamva mwana wake akulira mkatimo akuitana amayi, ndipo anadziwa kuti sakuitana iye.

Panalinso mwambo wawo wa chaka ndi chaka. Mwezi wa Okutobala ukafika, Tsiku la Anakubala likayandikira, Lilian ankatenga Clara kupita naye kumsika wa Limbe kukasankha chitenje cha mayi Veronica. Clara ndiye ankasankha, ndipo nthawi zonse ankaloza cha buluu chifukwa ndi mtundu umene amayiwo ankakonda. Kunyumba Clara ankagwada n'kupereka, mayi Veronica n'kululutira, n'kumukumbatira. Lilian ankaombera m'manja ali pakhomo. Iye ankakonda chikasu, koma panalibe anamufunsapo.

Clara ali Sitandade 2, Lilian anatsanzika ku Chinyonga kuti akayambe geni yake. Mayi Mwantumu anamupatsa chiwaya chawo chakale, chakuda bii koma cholimba, ndipo pomuperekeza pageti anamugwira mkono.

"Lilian, mwana sadikira kuti mbale zikwane m'nyumba. Ukamutenge msanga mng'ono wakoyo."

Lilian anangoti zikomo amayi, n'kusenza chiwaya.

Geni sinayambe mokoma. Makala akwere, mafuta akwere, mvula igwe anthu asatsike m'minibasi, samusa n'kubwerera nazo zitazizira. Amuna ena a padepoti ankati amugula ndowa yonse ngati atawamwetulira bwino, iye n'kumangowayang'ana mpaka achite manyazi okha. Anali atalawa kale zaulere. Pang'onopang'ono madalaivala anazolowera kuti samusa za Lilian sizikhala zamphepo mkati, ndipo ndowa inayamba kutha dzuwa lisanafike pamutu. Anapeza chipinda ku Machinjiri, chasimenti, chawindo lagalasi. Anagula mbaula yake. Tsiku limene anatseka chitseko chake ndi loko wake kwa nthawi yoyamba, anaima panja n'kulira ngati wapenga, alandilodi mpaka kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Lamulungu lotsatira anapita ku Bangwe, n'kudikira kuti Clara apite kukasewera.

"Amayi, khomo lija ndapeza. Mbaula ilipo."

Mayi Veronica anali akusankha nyemba m'lichero ndipo sanadzutse mutu. "Wachita bwino. Koma mwana ali pakati pa teremu. Dikira atsekere."

Atatsekera anati kukuzizira, mwanayu ali ndi chifuwa. Kutatentha anati akuphunzira zolowera m'kalasi ya kutchalitchi, asasokonezedwe. Ulendo wina Lilian anaumirira, ndipo mayi Veronica anaika lichero pansi.

"Bambo ako anapita. Iwe unapita. Ukamutenga uyu ine ndizilankhula ndi ndani m'nyumba muno, makoma?"

Apa m'pamene Lilian anaona kuti amayi ake sankanamiziranso. Bodza lija analilera mpaka linasanduka zoona mumtima mwawo, ndipo Clara analidi mzime wawo. Ungawalande bwanji mwana amayi ako okubereka, amene anasenza manyazi ako kumbuyo kwawo?

Koma ndisaike mlandu wonse pa mayi Veronica, chifukwa nayenso Lilian anali ndi mantha ake. Mayi Veronica akati dikira, mtima wake unkawawa, komanso mbali ina unkapumula. Ankadziuza kuti mwana asabwere kudzagona pamphasa, ndiyambe ndagula matiresi. Atagula matiresi anati bedi. Atagula bedi anati katani, kenako kashelefu ka mabuku. Zoona zake n'zakuti ankaopa nkhope ya Clara pa tsiku lomuuzalo. Zengerezu adalinda kwaukwau, ndipo awiriwa analinda limodzi mpaka mwana anafika Sitandade 5.

Mayi Veronica anagwa m'mawa wina pa kiyosiki ya madzi, ndowa ili pamutu. Anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndipo mankhwala ankamwa akakumbukira. Lilian atafika kuchipatala anapeza mbali imodzi ya thupi yafa, pakamwa papotoka. Pakamwa pomwe paja, abale inu, pamene panalonjeza kuti ndidzamuuza ndine.

Maso okha ndi amene ankalankhula. Clara atabwera kudzawaona, mayi Veronica anagwira dzanja lake ndi dzanja lawo lamoyolo, n'kulikokera pa dzanja la Lilian. Anayesetsa, khosi mpaka kutupa mitsempha, koma chinkatuluka chinali kubuula ndi malovu basi. Misozi inkatsikira m'khutu.

"Akuti chiyani, asisi?" anafunsa Clara.

Lilian anatsegula pakamwa. M'wodimo munali anthu, odwazika anzawo ali tcheru. "Akuti uzimvera," anatero.

Anamwalira patapita masiku ochepa. Anawaika ku Bangwe komweko pafupi ndi amuna awo. Pamaliro Lilian ndi Clara anakhala mphasa imodzi ngati ana a malemu, ndipo amayi a kutchalitchi ankadutsa akusisita mutu wa Clara n'kumati kamwana kamasiye, kalibe bambo kalibe mayi. Ena mwa iwo ankadziwa bwinobwino, koma ankanenabe, akumuyang'ana Lilian m'mbali.

Anthu atabalalika, a Januario, alongo awo a malemu amene anabwera kuchokera ku Thyolo, anamuitanira Lilian kuseri kwa nyumba.

"Mphwanga, za mwanayu tonse tikuzidziwa, palibe chogawana apa. Ndi wako, mutenge. Koma umuuze. Ukafuna ndikhalepo, ndikhalapo."

"Amalume, alire kaye. Ndikamuuza lero ndiye kuti ndamuphera amayi kawiri."

A Januario anapukusa mutu n'kukakwera basi yawo.

Umo ndi mmene Clara anafikira ku Machinjiri, pa bedi lomwe linamudikira zaka zonsezo. Anali mwana wosavuta, mwinanso wosavuta mopitirira. Ankasesa asanauzidwe, ankagwada popereka madzi, ankati zikomo asisi pa chilichonse ngati mlendo. Pansi pa pilo ankasunga mpango wa mayi Veronica. Akaweruka kusukulu ankakhala pambali pa Lilian n'kumathandiza kupinda samusa za mawa, ndipo zala zake zinaphunzira msanga kuposa za Lilian kale lija. Loweruka ankamuperekeza kudepoti, ndipo ndi kumene oitanira anamva akuti asisi n'kulitola dzinalo. Lilian ankati ndimuuza sabata ino, sabata n'kutha.

Kenako Okutobala anafika. Madzulo ena akumata samusa, Clara analankhula osadzutsa mutu.

"Asisi, chaka chino sitikagula chitenje cha Anakubala?"

Samusa imene inali m'manja mwa Lilian inagwa pansi. Mayi Veronica kulibe, ndiye chitenjecho n'cha ndani? Lilian anaganiza kuti mwina a Januario anamunong'oneza mwanayu asanapite, mwina wakhala akudikira tsiku loyenera kuti anene yekha. Anangoti tikagula mawa, ndipo m'mawa mwake anavala diresi lake labwino ngati akupita ku ukwati.

Kumsika Clara anayenda mzere wonse wa zitenje, akugwira ichi, akusiya icho. Panali china chachikasu chamaluwa, ndipo Lilian anaima pafupi nacho dala. Clara anachidutsa n'kuloza cha buluu. Lilian anaona, ndithu anaona, koma munthu akafuna kukhulupirira amakhulupirira. Anati mwanayu anangozolowera buluu, sadziwa mtundu wina.

Atatuluka mumsika Clara anakumbatira kaphukusiko pachifuwa. "Tikwere za ku Bangwe, asisi. Tikawaonetse amayi."

Kumanda sikupitidwa mwachisawawa, choncho anayamba apempha kwa oyang'anira, ndipo bambo wina wachikulire anawaperekeza mpaka pachipata n'kuima pamenepo. Mtumbira unali utayamba kutitimira, nkhata zamaluwa zitauma. Clara anatambasula chitenje chija, n'kuchiyala pamtumbira bwinobwino, akuwongola makona ngati akuyala bedi. Kenako anagwada.

"Amayi, ndabwera ndi chitenje chanu. Kusukulu ndikukhoza. Asisi akundisunga bwino, musadandaule."

Apo Lilian sanathenso kupirira. Anagwada pambali pake, dothi likumuotcha mawondo, n'kumugwira mapewa.

"Clara, tandiyang'ana. Pali chimene amayi ankafuna kukuuza kuchipatala kuja. Amene anakubereka ndine. Ndinali mwana wasukulu, ndiye amayi anakutenga kuti ndiyambe ndapeza pokhala. Iwe ndiwe mwana wanga."

Anayembekezera kukuwa, kapena kuthawa, kapena kukumbatiridwa. Clara sanachite chilichonse mwa zimenezo. Anangomuyang'ana ndi maso ofiira.

"Ndikudziwa, asisi."

"Ukudziwa?"

"Anzanga a ku Bangwe anandiuza kalekale, ndili Sitandade 2. Ankandinena pampopi. Ndinakawafunsa amayi, ndipo analira, ndiye sindinafunsenso." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinkadikira kuti mwina munena Lamulungu lina. Mumangobwera ndi samusa."

Sitandade 2. Chaka chomwe mayi Mwantumu anamugwira mkono pageti, chaka chomwe anapeza khomo ndi mbaula. Nthawi yonse imene iye ankasakasaka matiresi ndi katani, mwana ankamudikira pa mlatho wamatabwa uja akudziwa zonse.

"Ndikhululukire, mwana wanga. Ndinkafuna udzapeze zonse zili m'malo."

"Sindinakwiye," anatero Clara, ndipo zinkaoneka kuti akunena zoona, chimene chinawawa koposa. Anatembenukira kumtumbira n'kusalaza pamene mphepo inapinda chitenje. "Koma amayi anga ndi awa."

Lilian akanati chiyani, poti amene anagona pansi pa chitenjecho analinso amayi ake? Analira onse awiri pamenepo, aliyense kulira amayi ake, mpaka bambo wa pachipata uja anatsokomola kuti nthawi yatha. Bamboyo anati chitenje sichingatsale kumanda, choncho Clara anachikung'untha, n'kuchipinda, ndipo atafika ku Machinjiri anachiika pansi pa pilo pamodzi ndi mpango uja.

Lilian anaima payekha monga anamuuzira amayi ake. Khomo ali nalo, mbaula ali nayo, pano ali ndi ziwaya ziwiri ndipo mashopu ena a ku Limbe amaoda kwa iye. Atsikana anzake obereka ali pakhomo pa makolo amabwera kudzaphunzira kupinda samusa, ndipo iye amawaphunzitsa osawabisira kanthu. Koma akaona wina wabwera chimanjamanja amamufunsa kuti mwana wamusiyira ndani, ndipo akamva kuti ali kwa agogo ake amamuuza kuti mawa abwere naye kumbuyo, apo ayi asabwerenso. Ena amati ndi wovuta.

Madzulo a tsiku la kumanda lija anakhala pansi awiriwo kukonza za mawa, chifukwa geni siidziwa kuti mwalira. Lilian ankapinda, Clara ankamata. Makona a samusa za Lilian sankakumana, ndipo Clara anatenga samusa imodzi n'kuiyang'ana pawindo.

"Iyi iphulika, asisi," anatero, n'kuitsina bwinobwino makona onse atatu.